Nkhuku ija inali ya yani?

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire pena pakakhota, chifukwa ndalemba pa foni, pakati pa makasitomala, pa benchi yanga pa Golomoti pomwe ndimagulitsa mpunga, nyemba ndi usipa.

Ndikufuna tikambirane za nkhani ina imene tonse tinaimvapo, mwinanso ena mwa inu munailembapo. Ilibe mwini mmodzi. Imabwera mu ulaliki, m'makalata amene alendo a mishoni amalembera anthu a kwawo, pa Facebook, ndipo masiku ano yalowanso m'nkhani zazifupi zimene timaponya muno. Ine ndimaitcha nkhani ya nkhuku. Imayenda chonchi. Mlendo wafika m'mudzi kudzagwira ntchito ya Mulungu. Waona nyumba yaudzu, ana opanda nsapato, nkhokwe yopanda kanthu. Tsiku lotsanzika, mayi wina wachikulire akutuluka kuseri ndi nkhuku yomanga miyendo, akugwada, akupereka. Mlendo misozi chuchuchu. Kenako phunziro lake: ndinabwera kudzapereka koma ndine amene ndalandira, anthu awa alibe kanthu koma ndi osangalala, ife a zambiri tichite manyazi. Nthawi zina nkhuku imasanduka mazira atatu, nthawi zina lichero la mtedza kapena mkoko wa nthochi, koma mafupa a nkhani ndi omwewo.

Sindikuti ndi bodza ayi. Zimachitikadi, ndipo ambiri amene amalemba amalemba ndi mtima woona. Dandaulo langa ndi lakuti nkhaniyi imathera pamene inayenera kuyambira, ndipo woifotokoza ndi munthu amene anaona kachidutswa chabe ka zimene zinachitika. Ndikutero chifukwa mmodzi wa amayi a nkhuku amenewa ine ndimamudziwa. Ndi azakhali anga.

Zaka zingapo zapitazo, kumudzi kwa azakhali, kumunsi kwa Mtakataka cha kunyanja, kunabwera gulu la alendo a mpingo wina ochokera kunja. Anakhala masiku anayi. Anapenta tchalitchi, anasewera mpira ndi ana, anagawa sopo ndi magalasi owerengera. Mlongo wanga wamng'ono ndiye ankamasulira. Patapita miyezi anandionetsa pa foni kalata imene mmodzi wa alendowo analembera akhristu anzake. Chingerezi chake chinali chosavuta, ngakhale ine wa Fomu 4 ndinamva zonse. Pamwamba panali chithunzi cha azakhali, atavala chitenje chawo cha ku Misa, nkhuku ili m'manja. Ndivomereze, munthuyo amatha kulemba. Anafotokoza kutentha kwathu kuno kwa mu Okotobala ngati anabadwira konkuno, fungo la utsi m'zovala, mmene nkhukuyo inkagundira mtima m'manja mwake. Pamenepo ndinamupatsa ulemu. Koma anati mayi wamasiyeyu wapereka nkhuku yake imodzi yokhayo, osaganizira za mawa, chifukwa chikondi chake sichiwerengera.

Nkhuku zinalipo zinayi. Chitopa chinali chitapululutsa khola chaka chimenecho, n'kusiya tambala mmodzi, mathadzi awiri ndi msoti. Ndipo zakuti sanawerengere, ayi ndithu, anawerengera usiku wonse.

Zinayamba dzulo lake. Mkulu wa mpingo anayenda khomo ndi khomo kukumbutsa kuti alendo akupita mawa, asapite chimanjamanja. Amayi anakumana pansi pa mango n'kugawana: uyu mpunga, uyu mazira, uyu nkhuni zophikira chakudya chotsanzikana. Azakhali anadzitchula okha pa nkhuku. Msotiwo anali atausungira mdzukulu wawo, kuti ukagulitsidwa apeze ndalama ya mayeso. Ndinawafunsa tsiku lina ndikuwathandiza kusenda chinangwa.

"Azakhali, nanga munaperekeranji msoti, tambala ali pomwepo?"

"Iwe, tambala uja anali nkhalamba, nyama yake ngati lamba. Umafuna akanene kwawo kuti kwa Kachindamoto anatidyetsa chikopa?"

Ndinaseka, koma iwo anapitiriza osaseka. "Komanso mwanawe, masiku anayi onse aja ife tinali olandira basi. Sopo, landirani. Magalasi, landirani. Chithunzi, sekererani. Munthu wamkulu ngati ine ndizingoyasamula ngati mwana wa mbalame?"

Panalinso chifukwa china chimene sananene koma ine ndikuchidziwa: mnzawo wina wa khomo loyandikana anapereka bakha kwa alendo a chaka chinacho, ndipo pachitsime anamutamanda mwezi wathunthu. Azakhali anga ndi munthu, si mngelo. Mu nkhuku imodzi ija munali ulemu, munali kunyada, munali kampikisano, munali mantha a zonena anthu, munali chikhulupiriro chenicheni chakuti mlendo wa Mulungu sapita ndi njala, munalinso chiyembekezo. Kalata ija inatola chimodzi chokha, chimene chimaliritsa anthu m'tchalitchi, zina zonse n'kuzitaya ngati nthenga.

Za chiyembekezozi ndilankhule ngati wamalonda. Ndikakuyezerani mpunga, pamapeto ndimatapa kadzanja n'kuwonjezera. Ena amati banyira, ena amati basela. Kadzanja kameneko sindikulipiritsani, ndipo mukapanda kubweranso sindingakusumireni kwa mfumu. Komanso si zoona kuti ndangotaya. Ndikukuuzani kuti ine ndi inu tayamba kudziwana, mawa mukadutsa mundipatse moni, tsiku lina mukasowa ndidzakukongozani, tsiku lina mvula ikandipeza mudzandithandiza kufunditsa matumba. Makolo anamaliza kale nkhani imeneyi ndi mawu awiri: kupatsa n'kuika. Amene sadziwa moyo wathu akamva mwambiwu amaganiza kuti ndi katapila, kuti tikupereka kuti tibwezeredwe ndi chiwongoladzanja. Si choncho. Munthu wosauka alibe inshuwalansi, alibe penshoni. Chuma chake amachisunga mwa anthu. Nkhuku yopatsa mlendo imanena kuti kuyambira lero suli mlendonso, uli ndi khomo kuno, ndipo zathu zikukukhudza.

Patatha zaka ziwiri mwana wamkazi wa azakhali anamwalira, mayi wa mdzukulu uja. Mudzi unachita zimene mudzi umachita. Anabwera ndi ufa m'mabeseni, nkhuni pamutu, chipepeso cha timakwacha tokwinyika, amayi anagona pa siwa, adzukulu anakumba. Tsiku lachitatu azakhali anaitana mlongo wanga pambali n'kumufunsa ngati alendo awo aja anauzidwa. Sankafuna ndalama, ndikukutsimikizirani. Ankafuna kuti zovuta zimveke kwa abale onse, monga mwa mwambo. Mlongo wanga anatumiza uthenga. Yankho linabwera usiku womwewo: kachithunzi ka timanja tiwiri topemphera. Azakhali atafunsa kuti ati bwanji, iye anati, "Akupepesa kwambiri, akuti ali nanu limodzi." Anamasulira mowonjezera banyira, monga amachitira omasulira onse.

Mlendo uja sindikumuimba mlandu wa nkhanza. Anamva Chichewa cha pakamwa kudzera mwa womasulira, koma chilankhulo cha mphatso panalibe womumasulira. Iye anaona ngati nkhani yatha pamene galimoto inanyamuka. Kwa azakhali, pamenepo ndi pamene inayambira. Mlandu umene ndikumuimba ndi wa ulembi. Mlembi akatenga munthu wamoyo n'kumuika pa pepala, ali ndi ngongole yofunsa. Mu kalata yonse ija, amene amaganiza, amene amasintha, amene amaphunzira kanthu ndi mlendo yekha. Azakhali alimo ngati kalilole woti mlendo adzionerepo. Salankhula liwu ndi limodzi lomwe. Dzina alibe, ndi mayi wina wamasiye basi. Mwina muti nanga iwe bwanji sukuwatchula? Ine ndinawafunsa, anati usandiike pa foni, ndawamvera. Uja sanafunse n'komwe. Ndipo za kumene nkhukuyo inathera kalata sinena. Inadyedwa ndi dalaivala ndi ana ake ku Salima, poti m'ndege salola nkhuku.

Tsono mawu aja akuti alibe kanthu koma ndi osangalala, amenewo ndiye amandiwawa kwambiri. Amamveka ngati kutiyamikira, koma ntchito yake ndi kutonthoza wowerenga. Ngati umphawi ukupanga anthu kukhala oyera mtima chonchi, ndiye kuulimbana nawo n'kutani? Inetu njala ya 2002 ndinaiona ndi maso, ndili ku pulayimale. Mwezi wa Febuluwale anthu ankadya gaga ndi mizu ya nthochi. Wogwidwa akuba chimanga chachiwisi ankamenyedwa moti sindifuna kufotokoza pano. Mayi anga ankaphika usiku, chitseko chotseka, ndipo akamva odi panja mphika unkalowa pansi pa bedi. Mayi omwewo, usiku wina, anandituma ndi kambale kophimba ndi nsalu kwa agogo ena oyandikana nafe, n'kundiuza kuti ndidutse kuseri asandione anthu. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo kambale kaja kali ndi kulemera chifukwa cha mphika wa pansi pa bedi uja. Mukachotsa mphikawo m'nkhani, kambale kamasanduka kopepuka, ngati kupatsa ndi chibadwa chathu chabe, monga mbuzi kudya udzu. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, The Story of an African Famine, anamvetsera nyimbo za pamtondo za amayi, ndipo zimene anapezamo si chimwemwe. Anapeza amuna othawa mabanja, ubale ukufupika pamene chakudya chikuchepa. Amayiwo anaimba zoona zawo okha, ndipo sanadzipake mafuta.

Nkhani ya nkhuku nthawi zonse imayenda ndi vesi lake, la mayi wamasiye amene anaponya tindalama tiwiri m'bokosi la zopereka ku Kachisi, pa Marko 12. Ndinalimva kuyambira ndili mwana, makamaka Lamulungu la pepa sande. Tsiku lina ku mphakati inali nthawi yanga yowerenga, ndipo ndinalakwitsa n'kuyambira mavesi a m'mwamba. Ndinadabwa. Mavesi angapo chabe nkhani ya mayiyo isanayambe, Yesu akuchenjeza anthu za akuluakulu a chipembedzo okonda mikanjo ndi mipando yaulemu, amene amadyera chuma cha amayi amasiye. Kenako akukhala pansi, n'kuona mayi wamasiye akuponya zonse zimene akanadyera. Mutu 13 ukangoyamba, wophunzira wina akusirira kukongola kwa miyala ya Kachisi, Yesu n'kumuuza kuti zonsezo zidzagumulidwa. Luka nayenso anazisanja chimodzimodzi. Kawerengeni nokha, musandikhulupirire ine. Sindikukana kuti Yesu anamuona mayi uja ndi kumulemekeza pamene ena onse ankayang'ana olemera. Koma amene anasanja nkhaniyi anaika mphatso ya mayiyo pakati pa odyera amasiye ndi nyumba yoti igwa. Funso lakuti ndalamayo ikupita kwa yani lili pomwepo, poyera. Alaliki athu amadumpha pamwamba ndi pansi n'kutenga pakati pokha, monga mwana wodya nyama n'kusiya nsima.

Mayi wa ku Zarefati naye amamutchula kawirikawiri, uja anaphikira Eliya ndi ufa wake womaliza, pa 1 Mafumu 17. Koma taonani zimene Eliya anachita. Sanadye n'kupukuta pakamwa n'kukalemba kalata. Anakhala pakhomopo nthawi ya chilala, kudya za m'mbiya yomweyo. Mwana wa mayiyo atamwalira, mayiyo anamukalipira maso ndi maso, ndipo Eliya ananyamula mtembo n'kukadandaula kwa Mulungu ngati maliro ndi ake. Mayi ameneyu amalankhula, amakwiya, amafunsa. Wolemba wakale uja anamupatsa pakamwa. Ngakhale Paulo, amene pa 2 Akorinto 8 akugwiritsa ntchito kupatsa kwa akhristu osauka a ku Makedoniya pofuna kuchititsa manyazi Akorinto, ndipo tinene zoona, ameneyu ndiye kholo la makalata onse opemphera thandizo, sakuima pa misozi. Akunena poyera kuti cholinga si chakuti ena apepukidwe ena alemedwe, koma kuti pakhale kufanana, lero awa athandize awo, mawa awo athandize awa. Kupatsa n'kuika komweko.

Amene munawerenga Things Fall Apart ya Chinua Achebe, ya 1958, mukukumbukira kuti amishoni atapempha malo ku Mbanta, akuluakulu anawapatsa msanga, malo aakulu ndithu. Amishoni anathokoza mosangalala. Koma malowo anali nkhalango yoipa yotayako anthu ofa ndi matenda oopsa, ndipo eni mudzi ankayembekeza kuti alendowo afa pasanathe masiku. Tangoganizani kalata imene mmishoni uja akanalembera kwawo usiku umenewo: anthu awa ndi opatsa modabwitsa! Achebe anatiika kumbali ya opereka, kumene kuli mkangano, nthabwala ndi chiwembu, ndipo tsamba limodzi limenelo limatiphunzitsa zambiri kuposa makalata zana. Sindikuti mphatso iliyonse ili ndi mbedza mkati. Ndikuti wopereka ali ndi mutu, ndipo nkhani yabwino imalowamo.

Kwathu kuno nkhani ya kupatsana pakati pa mudzi ndi mishoni ndi yakale. Ansembe a White Fathers anafika pa Mua mu 1902, mu 1908 n'kutsegulanso Mtakataka. Mbiri imene timaphunzira imawerenga zimene anabweretsa, ndipo ndi zambiri, wokana ndi wabodza: sukulu, chipatala, malo osamalirako akhate amene anayamba mu 1927 pamene anthu odwala khate ankathawidwa ndi abale awo omwe. Inenso ana anga awiri ndinachirira pa Mua. Koma alendo amenewa sanabwere ndi dothi m'sutikesi. Malo anapatsidwa. Chilankhulo anaphunzitsidwa ndi anthu. Njerwa za nyumba zakale zija zinaumbidwa ndi manja a kuno, ena polipidwa, ena mongodzipereka. Ndipo pa maulendo a m'midzi, wina ankaphika, wina ankasiya mphasa yake n'kukagona kukhitchini.

Ndinabwereka kwa aphunzitsi ena opuma buku la Ian Linden la 1974, Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland. Linanditengera miyezi itatu, Chingerezi chake si cha pamsika. Chimene ndinatolamo ndi chakuti kulandira amishoni sikunali kwa mtima umodzi. Mafumu a Chingoni ambiri anawayandikira, pamene midzi yambiri ya Achewa inalimbana ndi sukulu zawo kudzera mu gule. Ndikaganiza, n'zomveka. Dziko linali litatembenuka, Gomani anali ataphedwa ndi atsamunda mu 1896, ndipo mfumu yochenjera inkadziwa kuti mzungu wokhala naye pafupi, womva chilankhulo, akhoza kukhala chishango. Wopereka malo ankawerengera, wokana naye ankawerengera. Koma Linden yemweyo, pofufuza zonsezi, anadalira kwambiri mabuku amene ansembe ankalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku. Cholembera chinali m'manja mwa wolandira. Amayi amene ankabwera ndi malichero a ufa sanasiye buku.

Ndipo mphatso yaikulu imene midzi ya kuno inapereka si ufa. Ndi ana. Cornelius Chitsulo, wansembe woyamba wa Chikatolika wa dziko lino, amenenso anadzakhala episkopi woyamba wa Dedza, anali mwana wa dera la Mua. Patrick Kalilombe anabadwira ku Mua mu 1933, n'kudzakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Kwa banja la alimi, kupereka mnyamata wanzeru ku seminale kunali kupereka khasu, lobola kapena chikamwini chake, zidzukulu, ndi woti adzakuike m'manda. Ndani analembapo za usiku umene mayi wotere anagona osagona? Kalilombe yemweyo ndiye analimbikitsa kwambiri miphakati ndi mpingo wodzidalira m'zaka za m'ma 1970, kuti akhristu asamangoyang'ana kunja. Maganizo amenewo ndi a azakhali anga ndendende, okana kuyasamula ngati mwana wa mbalame. Koma ali ndi mbali yake yolemera, imene ife a m'miphakati timaidziwa: mtulo, masika, pepa sande, zopereka za chitukuko, kukaona ansembe, zonse kutuluka m'thumba lomwe lija la chitenje. Pali ulemu weniweni pamenepo, palinso kutopa kwenikweni, ndipo sindinawerengepo nkhani ya Chichewa imene inagwira zonse ziwiri osagwetsa chimodzi.

Alipo alendo amene anamva chilankhulo cha mphatso. Pa Mua pali nyumba yosungiramo za chikhalidwe yotchedwa Chamare. Dzinalo ndi mmene anthu ankatchulira Bambo Champmartin, wansembe wa ku France amene anakhalitsa kuno. Kupinda dzina la munthu kuti likwane pakamwa panu ndi mphatsonso, ndi kumuuza kuti wakhala wathu. Bambo Claude Boucher a ku Canada anafika m'dziko muno mu 1967, anayambitsa Kungoni mu 1976, n'kukhala pa Mua zaka zoposa 40. Anapatsidwa mfunda, Achisale. Zimene anthu a m'midzi anawapatsa, nzeru za gule, nyimbo, matanthauzo a zilombo, n'zodula kuposa khola lonse la nkhuku, ndipo zinatuluka m'buku lawo la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance. Mukhoza kutsutsana nawo, ndipo alipo akuluakulu amene sasangalala kuona za kudambwe zili poti aliyense n'kuziona. Koma kutsutsanako kunatheka chifukwa munthuyo analipo, khomo lake linkadziwika, wodandaula ankatha kupita kukagogoda. Analandira nkhuku n'kukhala kuti amve zotsatira zake. Sindikuti aliyense wobwera masiku anayi akhale zaka 40. Ndikuti wa masiku anayi alembe modziwa kuti waona masiku anayi.

Tsopano ndibwere kwa ife, poti kuloza azungu n'kosavuta. Chaka chino chokha ndawerenga muno nkhani zingapo za mtundu umenewu, mayina sinditchula, eni ake akudzidziwa ndipo ena ndi anzanga. Gogo wosauka wapatsa mlendo wanjala nsima yake yomaliza. Patapita zaka, galimoto yakuda yaima pakhomo, mlendo uja ndi bwana wamkulu, kapena m'busa wotchuka, wamumangira gogo nyumba ya malata. Ndemanga mazana awiri, aliyense Amen. Abale, imeneyi ndi nkhani ya nkhuku yomwe ija, yangovala malaya ena. Mlendo wa kalata uja anachotsa chiyembekezo chonse kuti mphatso ioneke yoyera. Ife tachikulitsa mpaka chasanduka juga, ponya nsima utole nyumba. Ndi ulaliki womwe uja wa kubzala mbewu umene ukudya mipamba ya amayi anzanga pamsika pano. Ndikudziwa mayi amene anatenga ndalama ya banki m'khonde n'kukabzala kwa mneneri wina, lero benchi yake ili ndi mwini wina. Nkhani zathu zokoma zija zimathira manyowa pa munda umenewo, kaya tikufuna kaya sitikufuna. Ndipo m'nkhani zonse ziwiri gogo uja saganiza. Ndi khomo chabe lodutsirapo phunziro.

Wina anena mu ndemanga kuti iwe wamalonda waipitsa chinthu chopatulika, chilichonse ukuchiyeza pa sikelo. Ndayankha kale mumtima. Kwa ine azakhali owerengera usiku wonse, odziwa bwino kuti ndalama ya mayeso ichedwa, n'kudzuka m'mawa kukagwirabe msoti uja, ndi opatsa kwambiri kuposa mngelo wa mu kalata amene sadziwa mtengo wa nkhuku. Wosadziwa mtengo sanapereke kanthu, wangotaya. Ndiye mukafuna kulemba za kupatsa kwa osauka, ndipo lembani, nkhani zake zilipo zambiri, yambirani dzulo lake. Lowani pansi pa mango paja pamene amayi akugawana. Imani pamene paima mdzukulu akuona mayeso ake akumangidwa miyendo ndi luzi. Kwerani m'galimoto ndi dalaivala. Bwererani pakhomopo patatha zaka ziwiri. Mdzukulu uja, poti mufunsa, mayeso analemba. Ndalama inachokera pa benchi ino, ndipo azakhali anandibwezera ndi mtedza nthawi yokolola, ngakhale ndinakana kawiri.

Mwezi watha ndinapita kukawaona, ndipo ndinaganiza zowawerengera kalata ija, poti ndi yawo ndipo anali asanaimvepo. Tinakhala pakhonde, ine ndikumasulira mzere ndi mzere. Pa za kutentha anavomera ndi mutu. Pa za misozi ya mlendo anati, "Ayi, anali mwana waulemu ameneyo." Chithunzi anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kudandaula kuti duku linapendama ndipo palibe anawauza. Nditafika pamene akuti mayi ameneyu alibe kanthu kalikonse, anandigwira dzanja.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Ndilibe kanthu?" Anayang'ana kukhola, kumene zidzukulu za mathadzi awiri aja zinkapalasa. "Nanga nkhuku ija inali ya yani?"